Ndinapatukira Apongozi ndi Lole

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano? Ine kuno ku Wanki, kumigodi ya malasha, thupi lili bwino, koma mtima ayi. Ndikulemba nditakhala pa benchi ya pakhonde la chipatala, lero Lamulungu masana, pepala lili pabondo. Mukaona zilembo zapendama musati ndaiwala sukulu, bondo si tebulo. Mpongozi wanu Nambewe ali m'katimu chigonere kuyambira Lachisanu. Ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, mwana wathu woyamba, ndipo chigwereni Lachisanulo mwanayo sakugunda m'mimba. Wamugwetsa ndine, Amayi. Ndifotokoza zonse, koma ndiloleni ndiyambe ndi zakumudzi kuti mpweya ubwerere.

Achimwene a Filipo analemba mwezi watha. Akuti mlongo wanga Esinati anachira bwinobwino, mwana wamwamuna, ndipo makutu ake ndi a amalume ake enieni, anga oimirira aja munkawaseka. Mtedza wa m'munda wanu wa kuchulu unachita bwino chaka chino. Koma nkhokwe yanu inagwa, chiswe chinadya mizati yonse, ndiye chimanga anakasunga kwa Esinati. Mbuzi yanu yamawanga yaswa awiri ndipo sinasiye kuba, akuti inalowa m'tchalitchi nthawi ya kwaya. Manda anu anawalambula mvula isanayambe. Ine sindinabwerenso chiikireni inu, ndipo zimandipweteka, koma tchuthi kuno sachita kupempha ngati moto.

Munandisiya ndili malayisha, wokweza malasha ndi fosholo pansi pa mgodi. Ha, mukanandiona tsopano! Kapitawo ataona kuti ndimawerenga, anandichotsa pansi kuti ndiphunzire kuyendetsa lole, yonyamula mchenga kuchokera kumtsinje kupita kwa omanga nyumba. Wondiphunzitsa ndi a Zuze, bambo wa ku Tete, wamfupi, wa mimba, wokalipa ngati tambala. Ayendetsa zaka zambiri ndipo akuti sanapondepo ngakhale nkhuku. Ine ndinkadzitama mumtima kuti mwana wa Nabanda watuluka kudzenje, tsopano adzafa ndi ukalamba osati ndi mwala wa m'mgodi. Sindinadziwe kuti pamwamba pano ine ndiye ndidzakhale mwala wogwera anzanga.

A Zuze salola munthu kukhudza chiwongolero asanazungulire lole. M'mawa uliwonse umenye matayala ndi phazi, usolole kachitsulo uone mafuta a injini, uone madzi, upukute fumbi la malasha pagalasi. Kenako ugwade usuzumire pansi, chifukwa kuno dzuwa limawotcha moti mbuzi, agalu, ngakhale munthu woledzera amakagona pamthunzi wa lole. Ukaima pamtunda, buleki ya pamanja yokha usaikhulupirire, ika mwala kumbuyo kwa tayala. Injini ikatentha usatsegule pothira madzi, idzakusenda nkhope. Potsika phiri utsike ndi giya yomwe unakwera nayo, usamangoponda mabuleki chifukwa akatentha amasiya kugwira. Pokhota liza hutala. Mvula yoyamba ikagwa pa fumbi la malasha msewu umaterera ngati therere, ndiye yenda ngati wanyamula mazira a eni. Tsiku lina ndinafulumira kusintha giya, lole n'kulira kuti khweee, a Zuze n'kundimenya ndi chipewa pamutu amvekere, "Iwe Dayisoni, ukuthamangira maliro a yani?" Ndinaseka, chifukwa ndinakumbukira inu muja munkanenera ndikamakolezera moto mwaphuma, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zonsezi ndinazisunga, Amayi, ndikulumbira. Palibe limodzi ndinaphonya Lachisanu lija. Chimene chinandigwetsa ndi lamulo lina, lanu.

Mukukumbukira madzulo aja tisanapite ku chinkhoswe, munandikhazika pamtondo kuseri kwa nyumba? Munati, "Ukakumana ndi apongozi panjira, maso pansi, chipewa m'manja, upatuke ulowe patchire ngakhale pali chitedze. Usandichititse manyazi, anthu angati Nabanda anabala koma sanalere." Ndinachita zimenezo kumudzi mpaka miyendo inazolowera yokha. Tsono masabata atatu apitawa apongoziwo, amake a Nambewe, anabwera kuno pa sitima kudzadikira mwana wawo, poti ndi mimba yoyamba. Nyumba yathu ya kukomboni ya Lwendulu ndi chipinda chimodzi, ndiye ine ndinasamukira kukhitchini kwa a Zuze. Kudya padera, moni wodzera mwa Nambewe, ndikamva kutsokomola kwawo ndazungulira kuseri. Anzanga Achindebele ankandiseka kuti Manyasa inu mumathawa nkhalamba ngati mkango, ine osawalabadira.

Apongozi sanagwirizane ndi malasha. Akuti utsi wake ukuwatsamwitsa ndipo ndiwo zikumanunkha sitima. Ndiye Lachisanu anamutenga Nambewe kukatola nkhuni kutchire la kumunsi kwa phiri la Baobab, kumene kumakhala azungu, akuti woyembekezera aziyendayenda kuti tsiku lake lisadzavute. Ine sindinadziwe kuti apita kumeneko.

Cha m'ma fili koloko tinkatsika phirilo, lole itadzaza mchenga, ine pachiwongolero, a Zuze pambali. Giya yachiwiri, monga mwa lamulo. Pokhota ndinaliza hutala. Titangokhota ndinaona mayi akubwera kudzanja lamanja la msewu, mtolo wa nkhuni pamutu, ndipo nsalu yake ndinaidziwa pomwepo, ya buluu ija ndinawatumizira pa Khirisimasi. Amayi, sindinaganize kanthu. Thupi linangochita lokha. Dzanja lamanja linasiya chiwongolero n'kuvula chipewa. Maso anagwera pamaondo. Dzanja lamanzere linakokera lole kumanzere, kupatuka, kuwasiyira apongozi njira monga munandiphunzitsira. Phazi silinapite pa buleki n'komwe. Ndinapatuka ngati ndili pa mapazi anga awiri, kuiwala kuti ndavala chitsulo chodzaza mchenga.

Kumanzereko, kuseri kwa kamtengo ka tsanya, kunali Nambewe. Anali atatsalira pang'ono, akutula mtolo wake kuti apume.

Ndinangomva a Zuze akukuwa, "Basopa! Maso! Maso!" Anandigwera pachifuwa, kukoka chiwongolero, dzanja lina pa buleki ya pamanja. Lole inakwekwereza, inagwedezeka, injini n'kuzima, tayala lakutsogolo lili m'mphepete penipeni mwa ngalande. Sitinamugunde, zimenezo a Zuze akuchitira umboni. Koma iye poona chilole chikumudzera anadziponya m'ngalandemo, ndipo ndi yakuya, ya miyala. Ndinatsika n'kulowa m'ngalandemo. Ndinamupeza atagona chammbali, manja onse atagwira mimba, nkhuni zili mbwee. Anatsegula maso, kundiyang'ana, n'kungoti, "Ndinu?" Basi, mawu amodzi omwewo. Mayo ine, Amayi, bola akanandituka.

Tinamunyamula pa lole yomweyo. A Zuze anayendetsa, apongozi anakhala kutsogolo atamukumbatira mwana wawo, ine ndinakwera kumbuyo pamchenga. Pomutsitsa ndinaona magazi pa nsalu yake.

Dzulo m'mawa a Zuze anandiitana kuseri kwa nyumba yawo. Ndinkayesa andimenya, ndipo ndikanalola. Koma anangokhala pa ndowa. Kenako anati, "Dayisoni, lole ilibe apongozi. Kumene maso ako apita, nayonso imapita komweko, ndipo ukawatsitsa pansi imayenda yakhungu. Ukafuna kupereka ulemu, yang'ana pagalasi, tulutsa dzanja, ima bwinobwino, ika mwala, tsika, ukalowe patchirepo mpaka mawa ngati ukufuna. Koma matayala akamazungulira, manja awiri pachiwongolero, ngakhale adutse bishopu." Ndinati pepani. Iwo amvekere, "Pepani sapoletsa chilonda, ndipo si ine wofunika kumupepesa." Anenanso kuti mawa Lolemba ndikwerenso, chifukwa wogwa pa lole akapanda kukwera msanga sadzakweranso moyo wake wonse.

Chimene chandizunza kwambiri masiku awiriwa ndi kusadziwa. Amuna salowa kuchipinda cha amayi, ndipo nkhani za mimba mwamuna sauzidwa, mukudziwa inu. Munthu yekhayo amene amalowa ndi kutuluka, amene akudziwa zonse, ndi apongozi, ndiye ine ndiwafunse bwanji? Loweruka lonse ndinakhala pa benchi pano. Akatulukira pakhomo ine ndathawira kuseri kwa khoma. Akazi a a Zuze ndiwo ankandibweretsera mawu, koma mawu ake otheka, "akuyesetsa," "tidikire," "pempherani." Ndikamva mayi akulira m'katimo ndaimirira. Ndikaona anamwino akuthamanga ndaimirira. Dzulo kunatuluka machira ataphimba nsalu, ine mkodzo unatsala pang'ono kutayika, mpaka ndinaona phazi kuti ndi la mwamuna. Mulungu andikhululukire, ndinasangalala ndi maliro a mwini.

Lero nditachoka kutchalitchi, kumene sindinamveko ngakhale vesi limodzi, ndinabwereranso pano. Chitseko chinatseguka, nsalu ya buluu ija. Ndinadzuka kuti ndithawe, chipewa chili kale m'manja. Ndinangomva, "Bambo, imani pomwepo."

Ndinauma, Amayi. Zaka zitatu ndili pa ukwati, mawu awo anali asanalunjikepo pa ine. Anabwera mpaka ndinaona zala za kumapazi kwawo. Anati, "Tayang'anani kuno." Khosi linakana. Anabwerezanso, mokweza, anthu pakhonde n'kutembenuka. Ndinadzutsa mutu. Kodi munkadziwa kuti ali ndi mphini zitatu patsaya lililonse, ndipo maso awo ndi a Nambewe enieni? Ine sindinkadziwa. Masowo anali ofiira ndi kusagona.

Anandiuza zonse, mosabisa, ngati akuuza mayi mnzawo. Magazi aleka. Nambewe wamwa phala. Anamwino akaika kachitsulo konga lipenga pamimba akuti mtima wa mwana ukumveka, koma patali, mofooka. Mwanayo sanatakatakebe. Dokotala wanena kuti kukacha mawa ali chomwecho, amung'amba Nambewe kuti amutulutse mwanayo, ndipo salonjeza kanthu. Atatha anati, "Ulemu wanu ndauona, wakwana. Ine ndinakwera sitima kudzanyamula mdzukulu, osati kudzaona pakati pa mutu panu. Kuyambira lero mukandipeza panjira muzindiyang'ana, mundiyimbire hutala ngati wina aliyense. Valani chipewacho." Ndinavala pamaso pawo, misozi ili chuchuchu, ndipo iwo anabwerera m'kati.

Sindikukunenani, Amayi, musandimve molakwa. Inu munandiphunzitsa za njira ya mapazi, yopita kudambo ndi kuchigayo, kumene wopatuka amangoponda udzu. Lole simunaikwerepo kupatula tsiku lija munapita ku Dedza n'kubwera mukusanza. Wopusa ndine, amene ndinatenga mwambo wabwino n'kukwera nawo pamwamba pa matayala asanu ndi limodzi. Koma ndikupempha mundimasule pa lamulo limenelo ndikakhala pachiwongolero. Eni ake andimasula kale, kwatsala inu. Anthu akadzati mwana wa Nabanda amayang'ana apongozi m'maso, musadzachite manyazi kumeneko.

Tsono pempho langa lalikulu ndi ili, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba. Ndimakudziwani, Amayi. Simunkatha kuona mwana ali yekha panjira osamunyamula, ngakhale wa mlendo, mumangoti bwera kuno n'kumuponya kumbuyo. Usiku uno kapena mawa, mukaona kamwana kakubwera kumeneko kokha, kakang'ono, kopanda dzina, kopanda ndi kansalu komwe, kameneko ndi kathu. Chonde musakanyamule. Musakafunditse, musakayimbire, kangazolowere msana wanu. Katembenuzeni, mukalozere njira, mukauze kuti amake akudikira ndipo atate ake ndi chitsiru koma aphunzira. Kakalipireni ngati muja munkatikalipira ife tikakutsatirani kumunda. Inu muli ndi Atate kumeneko, muli ndi ana anu awiri aja anatsogola. Nambewe alibe wina.

Ine ndikulonjeza kuti mawa ndikwera lole ija, ndipo masiku onse amene ndidzayendetse, maso anga sadzachoka pamsewu chifukwa cha munthu aliyense wobadwa mwa mkazi. Mukatibwezera mwanayu, akadzayamba kuyenda ndidzabwera naye kumudzi adzaone pamene munagona.

Anamwino atuluka, akuyang'anayang'ana pakhonde. Kaya akufuna ine. Ndilekere pano.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Dayisoni