Abiti Si Wamkazi

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno ndili bwino, kupatula chifuwa chobwera ndi chiperoni.

Mphaka munandisiyira uja, Abiti, si wamkazi ayi. Alangizi a ziweto atabwera ku Njuli kudzabaya agalu katemera, ndinapita naye kukafunsa chifukwa chake sakubereka. Atamugwiragwira, anaseka. "Mayi, uyutu ndi wamwamuna! Machende ake sanatsike, anatsalira m'mimba." Akuti ndi bwino amuchite opaleshoni, angadzadwale.

Ndinaseka nawo, koma pobwerera misozi inalengeza. Ndinkadikira tiana take kuti m'nyumba muno mumvekenso phokoso. Dzina lokha sindisintha, munamupatsa ndinu.

Chonde imbaniko foni Lamlungu. Mulungu akusungeni. Kuno ndikayankhula, wondiyankha ndi Abiti yekha.

Ine mng'ono wanu,
Esinati