Nsanza ya pa Kampopi

Lolemba, 6 Okutobala 1958
Ayezi wa lero wofewa ngati phala. Makina a fakitale yathu ya ayezi akutentha, madzi owaziziritsa sakuyenda. Bwana walamula kuti timasule mapaipi. M'kati mwake miyala yoyera yokhayokha, yolimba ngati simenti, pabowo ndi chala chomwe sichilowa. Madzi a Lusaka ndi alaimu, ketulo ya mkazi wanga Sophia ndi mboni. Koma chonchi m'miyezi itatu?

Lachinayi, 9 Okutobala
Tsiku lonse kugogoda mapaipi, ena kuviika mu asidi. Manja asupuka. Kwabwera injiniya. Akuti madzi akamauluka ngati nthunzi, laimu amatsalira m'thanki n'kumachuluka. N'chifukwa chake kuseri kuli kampopi kotaya madzi akale nthawi zonse. Wakapeza kotseka.

Ndinatseka ndine, mu Julayi. Palibe anandiuzapo ntchito yake. Zinkandiwawa kuona madzi akuthera m'ngalande pamene Sophia amapsa ndi dzuwa pamzere wa pampopi ku Matero. Kankadonthabe, ndiye ndinakamanga ndi nsanza ya chitenje chake chobiriwira. Ndinkadziyesa wanzeru, chitsiru ine.

Ndakasuzumira. Nsanza palibe. Wachotsa ndani?

Loweruka, 11 Okutobala
Mlandu wagwera a Fanwell, oyang'anira thanki. Zaka khumi ndi zisanu pantchito, ana asanu, ndiponso ndi amene anandipezera malo pano nditangofika kuchokera ku Ntcheu. Akamva zawo Lachisanu ku ofesi. Ntchito ikatha, nyumba ya ku Matero nayo yapita, lamulo lake ndi lomwelo. Ine Sophia ndi woyembekezera, watsala mwezi umodzi kuti achire. Ndikaulula tikagona kuti? Ndili ndi mantha.

Lamulungu, 12 Okutobala
Sophia wavala chitenje chomwecho kutchalitchi, chong'ambika kumapeto. A Fanwell benchi ya kumbuyo kwake. Ulaliki sindinaumve.

Lachitatu, 15 Okutobala
Pachakudya cha masana a Fanwell andiitanira kuseri kwa thanki. Andifumbatitsa nsanza ija. Anaichotsa Lolemba lija, injiniya asanafike. "Ba Whyson, aka ni ka mlamu. Sungani. Osakamba vambili, mwana ali pafupi." Basi, abwerera kukagogoda mapaipi. Ine ndaibisa nsanzayo m'thumba.

Bola akanandimenya.

Lachisanu, 17 Okutobala
M'mawa, ndisananyamuke. Ndamuuza zonse Sophia. Sanalire, sanakalipe. Wasita malaya anga oyera, waika nsanza m'thumba mwake. Wangoti, "Mwana wanga sabadwira m'nyumba yogula ndi ana a ba Fanwell."

Wayamba kale kumanga mbale m'chitenje chija. Ofesi itsegulidwa seveni koloko, a Fanwell amafika msanga. Ndiyenera kuwapitirira panjira, ndikaulule kwa bwana iwo asanalowe. Njinga ndapopa.