Amayi akunamizira kuchira kuti ndisakhumudwe

Aphungu,

Ndine mnyamata wa Fomu 3. Pakhomo timakhala awiri basi, ine ndi amayi, omwe ndi atelala. Adokotala anati amayi ali ndi matenda otchedwa faibulomayalijiya. Thupi lonse limawawa, m'mawa amadzuka otopa ngati sanagone, koma akapimidwa magazi sipapezeka kanthu. Abale ena amati ndi ulesi chabe.

Anzanga ocheza nawo ndilibe kwenikweni, ndiye pa buleki ndimakhala m'chipinda cha makompyuta. Kumeneko ndinawerenga kuti tizilombo tabwino ta m'matumbo tingachepetse ululu wa matendawa. Ndinawaumirira amalume mpaka anagula makapisozi a pulobayotiki, omwe amakhala ndi tizilomboto, komanso ufa wa pulibayotiki, womwe amati ndi chakudya chake.

M'mawa uliwonse ndimawapatsa ndekha n'kufunsa kuti, "Lero zili bwanji?" Iwo amati, "Zikusintha, adokotala anga," n'kuseka. Kuseka kumeneko kunali kutasowa m'nyumba mwathu.

Koma ine ndimaona. Akamadula nsalu amagwira sizasi ndi manja awiri. Batani la siketi sakumanganso chifukwa mimba yafufuma. Tsiku lina nditaweruka msanga ndinawapeza atatsamiritsa chipumi pa makina, maso ali otseka. Atangomva chitseko anayamba kupalasa makinawo uku akuimba. Alandiranso mulu wa mayunifomu oti asoke, ntchito imene anaisiya kale. Tsiku lawo la kuchipatala litakwana sanapite. Anati, "Ndipitirenji, dokotala ndili naye m'nyumba?"

Kodi ndiziwapatsa makapisozi awiri, kapena ndinasankha mtundu wolakwika? Ndikuopa kuwauza kuti ndikudziwa. Angachite manyazi, ndipo ine ndilibe wina woseka naye.

L.D., Fomu 3

Mwanawe,

Usawonjezere kapisozi. Sunasankhenso molakwika. Ofufuza akuyesadi kuona ngati tizilomboti tingathandize pa matendawa, koma amene ayesedwa ndi ochepa ndipo zotsatira zake sizikugwirizana. Pali ena amati amapezako bwino, makamaka amene m'mimba mumawavuta, pomwe ena saona kusintha kulikonse. Kufufuma mimba kumachitika kawirikawiri ndi ufa wa pulibayotiki, ndiye ufawo auleke kaye mpaka aonane ndi adokotala.

Chimene chikuwalemera amayi ako kwambiri ndi funso lako la m'mawa. Umafunsa maso ali dwii, ukudikira yankho limodzi lokha, ndipo mayi sapirira kuona nkhope ya mwana wake ikugwa. Ndiye akukupatsa yankholo, kenako akusoka mayunifomu kuti likhale ngati loona. Usadziimbe mlandu. Nonse awiri mukusamalana, kungoti chikondicho chayamba kuwapweteka mapewa.

Usawauze kuti wawagwira bodza. Khala nawo pansi pamene palibe makasitomala, manja ako ali ndi chochita, kaya kumasula ulusi kaya kupinda nsalu, unene kuti, "Amayi, ndawerenganso, zija sizigwira kwa aliyense. Zikakanika, ine sindikhumudwa." Ukatero khala chete. Mwina aseka, mwina alira, mwina akutuma kukagula mabatani. Zonsezo ndi mayankho.

Kenako apite kuchipatala mwamsanga, iwe uwaperekeze. Tengani botolo la makapisozi ndi paketi ya ufa kuti adokotala aone zimene akumwa. Mankhwala amene anawalembera asasiye. Mukafunsenso za zimene zimadziwika kuti zimathandiza ambiri: kuyenda pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, kudziwongola, kugona pa nthawi yake, ndi kugwira ntchito mopumira. Mayunifomuwo agawane ndi telala mnzawo. Amalume ako uwafotokozere zonse, chifukwa katunduyu si wosenza mwana wasukulu yekha. Iwenso pa buleki uzitulukako panja, ukhale pamene pali anzako ngakhale usanapeze chonena.

Chenjezo langa ndi ili. Matendawa ali ndi masiku abwino ndi masiku oipa, ndipo ogulitsa mabotolo a mankhwala amadziwa kuti mwana wokonda mayi ake sachedwa kukhulupirira. Amayi akadzakuuza koyamba kuti, "Lero zavuta," usathamangire kukasaka mankhwala ena. Watenthetsere madzi osamba, ukhale nawo pafupi. Ukathamangira mankhwala, sadzakuuzanso zoona.