Njinga ya a Harold Ndinaikwecha

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno ku Romford, ku Mangalande, tilipo, kungoti kuzizira kwayamba msanga. Achemwali a Esinati anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Chimanga cha kudimba kwanu akuti chachita bwino, ngakhale mbuzi za a Gama zinalowamo kawiri. Koma chimene ndakulemberani si chimenechi. Mutu wanga waima, Amayi, ndipo ntchito yanga ili pachiswe.

Chichokereni inu padziko lino, ndinayamba kusamalira mkulu wina wachizungu kunyumba kwake, a Harold, a zaka zoposa makumi asanu ndi anayi. Ali mnyamata, nkhondo yaikulu ija itangotha, ankachita mipikisano ya njinga. Akuti ankapalasa tsiku lathunthu osatsika, chakudya akudyera panjinga pomwepo. Maondo atakana, anayamba kutolera njinga zakalekale mpaka kudzaza chipinda. Ina gudumu lakutsogolo limandifika paphewa, lakumbuyo ngati mbale. Palibe yokhala ndi kaliyala, palibe imene inapitapo kuchigayo. Zimangokhala, anthu n'kumakwera basi kudzaziona. Ine mpaka lero sindimvetsa.

Pakona panali imodzi yakuda bii, yadzimbiri, matope ouma atamatirira m'masipoko. Ndiyo ankapikisanira iwowo. Nditamva kuti Loweruka kubwera alendo odzajambula, manyazi anandigwira. Ndinakumbuka mawu anu aja mukapeza mphika wamwaye: "Kodi manjawa mukuwasungira Khirisimasi?" Ndiye a Harold akupumula masana, ndinatenga sitiliwulu ndi sopo n'kuikwecha. Ndinaikwechadi, Amayi, mmene munandiphunzitsira muja, mpaka kudziona nkhope pachitsulo.

Mwana wawo Susan atafika anagwira pakamwa, kenako misozi. Akuti matope aja anali a mpikisano womaliza wa bambo ake, ndipo anawasunga dala zaka zonsezi. Akuti penti wakale ndi dzina la mmisiri amene anaipanga zapita ndi sitiliwulu wanga, sizidzabweranso. Kusunga matope, Amayi! Si ife tinakula tikukwapulidwa chifukwa cha matope? Wakandinenera kuofesi ya kampani imene inandilemba ntchito, ndipo andiitana Lolemba. Ntchitoyi ikatha, mapepala anga okhalira m'dziko muno athera pomwepo.

Ondizunguza kwambiri ndi eni akewo. A Harold masiku ano amaiwala, ngakhale Susan nthawi zina amamufunsa kuti ndi mwana wa yani. Koma ataona njinga ija ikuwala, anadzuka pampando popanda ndodo. Anasisita chishalo, n'kuyamba kunditchulira anzawo onse amene ankapikisana nawo, mmodzimmodzi, ndi chitunda chimene aliyense anagonjerapo. Anaitanitsa nsapato zawo zopalasira. Miyezi isanu ndi itatu ndili m'nyumba muja, ndinali ndisanawaonepo akuseka. Susan anaona zonsezi, analiranso, koma dandaulo lake sanalichotse.

Ndiye ndalakwa kapena ndakhoza? Dzulo mkuluyo anandigwira dzanja n'kundilozera njinga zotsalazo kuti nazonso ndizikweche. Mwana wawo akuti ndikangokhudza ina ndisapondenso pakhomopo. Kwathu akulu akalamula, mwana amakhala chete. Kuno wosaina mapepala ndi mwanayo. Ndinangowauza a Harold kuti sopo watha.

Anzanga akutchalitchi akuti ndikanene kuti anandituma ndi mkuluyo, poti sangakumbuke n'kunditsutsa. Sindikubisirani, ndaliganizirapo bodza limeneli, ndipo n'lokoma. Ndili ndi mantha, Amayi. Koma ndikukulonjezani kuti sindikanamizira nkhalamba imene singathe kudziyankhira. Lolemba ndikavomera kuti ndinakwecha ndine, ndekhandekha, osatumidwa ndi munthu, ngakhale andiuze kuti ndilongedze.

Ndakusowani kwambiri.

Ine mwana wanu wokukondani,
Felesiya