Batani la Asiyatu Silikuzima

Lachitatu, ku Lungwena. Tsiku lolemera.

Sindinagone, Ambuye, chifukwa cha batani. Ndife tomwe, alangizi a zaumoyo, tinapempha kuti pa foni yantchito batani la "Ndamuona, ali bwino" lizitsala lobiriwira ukalidina, kuti tisamadine kawiri. Abwana athu anatimvera.

Lachisanu ndimayenera kukaona Asiyatu, mwana wa Abiti Saidi, amene ankamwa mankhwala a malungo. Njinga inaphwa panjira. Amayi akewo ndinawapeza pamjigo.

"Mwana ali bwanji?"

"Ali bwino adokotala, kaya kwanu?"

Unali moni chabe, ndipo ndinkadziwa. Ndani amaulula matenda pamjigo, anthu akumva? Koma ndinadina, pakhomo pawo osapondapo.

Dzulo amuika m'manda Asiyatu. Pasiwa Abiti anandigwira dzanja, amvekere, "Zikomo adokotala, mumatiyendera."

Ndadinanso kambirimbiri, silikuzima. Dzina lake lili pomwepo, bodza langa lili pambali pake, lobiriwira. Ndawalembera abwana zonse, osabisa kanthu. Ndawapempha andiyankhe lisanafike Lolemba, ngati lingazimitsidwe. Inunso Ambuye, ndiyankheni, chifukwa Lamulungu sindikudziwa ngati ndikalandire mgonero kapena...