Masamu a Sitandade 8

Lolemba, 5 Malichi 2012

Zotsatira za mayeso a moko zabwera. Pa ana 68, akhoza masamu ndi asanu okha. Chaka chatha anali 19. A Mphepo, ahedi athu, anangoika pepala patebulo panga nkutuluka. Ndaliwerenga kawiri. Sindinamve kalikonse.

Lachiwiri, 6 Malichi

Mu sitafu aliyense ali ndi chifukwa. Ena akuti fodya, ana akujomba kukasoka. Ena akuti makolo amangobwera pano tsiku la makuponi. Ndimangovomera ndi mutu. Masamuwa anandipatsa mu Seputembala mwini wake atasamutsidwa. Ine zanga zinali Chichewa ku Sitandade 3, zaka zisanu ndi zinayi. Palibe anandifunsa ngati ndingathe, inenso sindinanene.

Lachitatu, 7 Malichi

Mvula. Ana 31.

Lachinayi, 8 Malichi

Ataweruka onse ndinatseka chitseko nkulemba ndekha pepala la masamu la moko lija. Ndadzichonga ndi mayankho a ku zoni. 14 pa 30.
Pogawa mafulakishoni umatembenuza yachiwiri. Ine ndakhala ndikuwauza yoyamba. Chiyambire teremu yatha.
Ndinatsegula makope a ana. Mmodzi wa iwo, Fainala, anayamba molondola mu Okotobala. Ndinamudula ndi cholembera chofiira, nkulemba kuti "Uzimvetsera." Kuyambira pamenepo amalemba zanga.

Lachisanu, 9 Malichi

Msonkhano wa makolo, alangizi a ku zoni alipo. Afunsa kuti vuto lili pati. A Yobu, bambo ake a Fainala, anaimirira, manja akuda ndi utomoni wa fodya. Akuti, "Aphunzitsi mutikhululukire, ana athuwa ndi aulesi. Wangayu ndamukwapula kale. Akalephera mayeso a boma, sukulu basi."
Anthu anaomba m'manja. Alangizi analemba. Ine ndinkayang'ana nsapato zanga.

Loweruka, 10 Malichi

Ndachapa. Ndagona masana onse.

Lolemba, 12 Malichi

Ndawauza ahedi zonse, ndi 14 yemwe. Anadzuka kukatseka chitseko.
"Mayi, mwauzako wina?"
Ayi.
"Zithere muno. Lipoti lapita kale, talemba kujomba. Ndikakuchotsani ndiikapo ndani? Ineyo? Mafulakishoni ndinasiyana nawo kalekale."
Anandipatsa choko ziwiri.

Lachiwiri, 13 Malichi

Piriyodi yoyamba. Ndalemba pa bolodi funso la mu Okotobala lija, nkuwauza kuti zimene ndinawaphunzitsa nzolakwika, wolakwa ndine, osati iwo. Ndimayembekeza kuseka. Palibe anaseka. Ena anayamba kufufuta m'makope.
Fainala sanafufute. Anakweza mkono, mkwingwirima ukuonekabe pamwamba pa chigongono.
"Madamu, mukawauze bambo anga."
Ndati ndipita.
"Liti?"
Ndati lero tikaweruka. Akuti kwawo nkutali, kuseri kwa zigafa za ku esiteti, ndiye andidikira pa mjigo. Ndikulemba izi pa buleki. Ndamuona pawindo, wapita kale kukaima pomwepo.