Nkhope Yanu Inali Yokhomedwa mu Seva

Amayi, kodi kukukhalirani bwanji kumene mudapitako?

Ife kuno ku Nazombe tilipo, kungoti mawondo angawa ayamba kulankhula ngati anu aja. Ndikamadzuka pamkeka amayamba ndi iwo kupereka moni. Zilembo zokhotakhotazi mupirire nazo, sukulu mudandisiyitsa ndinu nomwe kuti ndizilera mng'ono wanga Edina.

Tiyamike, mdzukulu wanga uja munkamutcha Kamphuno, adabereka mwana wamkazi mvula itangoyamba. Makutu ndi a bambo ake, koma kulira ndi kwanu: sasiya mpaka mudzi wonse umve. Chimanga chaka chino chidatinamiza. Mapesi ataliatali, zisononkho ngati zala zanga. Watipulumutsa ndi nandolo, ndi chinangwa cha munda wakumtunda uja. Kalongonda ndimaphikabe, ngakhale ana a masiku ano akuti amachedwa kupsa. Ndimawauza mawu anu aja, oti chakudya chothamanga chimathamanganso kuchoka m'mimba.

Tsono chandikhazika pansi ndi ichi. Chiliza chanu tikumanga. Gilibati, mwana wanga wa ku Joni uja, adati pamwala pakhale chithunzi chanu, chosindikiza pa thailosi kuti mvula isachifufute. Chithunzi chanu chidali chimodzi chokha, chija adakujambulani pa ukwati wa mwana wa Edina. Madzi osefukira adabwera inu mutagona kale, adatenga nyumba, mbuzi, ndi chithunzicho pamodzi ndi khoma lake. Ine ndidalira chithunzi kuposa mbuzi. Koma Tiyamike adati, "Agogo, musalire, amalume adachijambulanso pafoni nthawi ya maliro. Chili mu seva."

Ndidafunsa kuti Seva ndi ndani, wa kwa yani. Akuti si munthu, ndi kompyuta ina yaikulu yosagona, ili kutsidya kwa nyanja. Gilibati adabwerekako kachipinda kosungiramo mapepala a ntchito yake yolemba zikwangwani, ndipo Tiyamike ndiye amamusamalira mapepalawo ali konkuno. Ndiyo ntchito imene imamudyetsa ndi mwana wake. Ndidati, amayi anga amene ngakhale ku Limbe ankapita akutukwana basi, lero ali kutsidya kwa nyanja? Pasipoti adawadulira ndani? Tiyamike adangoseka. Mpaka pano sindikudziwa ngati muliko nokha kapena pali anthu ena a kuno.

Loweruka tinakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, pamene netiweki imagwira, iye ndi laputopu yake, ine ndi mwana kumsana. Ndimayembekeza kuona zokongola ngati za pafoni. Ayi ndithu. Anatsegula kagalasi kakuda bii, kopanda duwa ngakhale limodzi, n'kumalembapo timawu tachingerezi toduladula. Amalemba mzere umodzi, kudina, kudikira. Akuti netiweki yathuyi ndi yachimfine, zolemera sizidutsa, koma mawu ndi opepuka. Akalemba mzere wina, seva imatchula mayina a zonse zili m'chipindamo. Akalemba wina, imasamutsa pepala kupita nalo kwina. Palinso wina woti ukalakwitsa chilembo imataya chinthu osakufunsa kuti watsimikiza. Ndipo amayi, m'kulankhulana konseko mulibe odi, mulibe zikomo. Kulamula kokhakokha. Mukadakhala pomwepo mukadamukoka khutu.

Anakuitanani ndi dzina lanu, Esitere, tinadikira, chithunzi n'kutulukira.

Amayi, sanali inu.

Anali mayi wina wake wonenepa masaya, woyera ngati adakulira mu ofesi. Mphini zanu za m'masaya mulibe. Diso lanu lakumanzere lija, limene linkatsinzina mukaona wabodza, analitsegula kufanana ndi linzake. Dzino lija lidatsala pa mango analibwezeramo. Duku wowongoka, kumbuyo kuli maluwa amene sindidawaonepo m'Phalombe muno. Ndinati, "Iwe Tiyamike, walakwitsa nyumba. Bweza mayi wa eni akeyu asanamusowe." Iye anati, "Ndi omwewo agogo, amalume adawakonza." Kukonza! Mudali njinga kodi?

Kenako anandiuza china chimene chinandizunguza mutu. Akuti seva sitaya zakale. Munthu akasintha pepala, latsopano limakhala pamwamba, lakale limatsala pansi, monga munkavalira nsalu pamwamba pa inzake mwezi wa Juni. Analemba mzere, dzina lanu linatuluka kangapo, kutsikira m'munsi, ndipo anandilozera la pansi penipeni kuti enieni ndi awa. Ndiye kuti kumeneko mulipo ambirimbiri, mwasanjikizana? Ndinasiya kufunsa. Ndinangoti, "Akweze pamwamba." Chifukwa wosindikiza wa ku Limbe, amene Gilibati adapangana naye, amatenga chimene chili pamwamba basi, ndipo anati atenga Lolemba.

Analemba. Seva inakana.

Akuti Gilibati adachitenga kuti akuchikonzabe, n'kukhoma ndi dzina lake, ndipo mpaka atachibweza yekha palibe wina angasinthe. Nkhope ya mayi anga, yokhomedwa ndi loko wa mwana amene ndidamusambitsa ine! Tinamuimbira, osayankha. Kunangobwera kauthenga: "Amayi, zisiyeni choncho, agogo aoneke bwino, kubwera anthu." Anthu ake ati? Amene adzabwerewo si omwe ankagula fodya wamphuno kwa inu, akukuonani mphinizo tsiku ndi tsiku?

Ndinafunsa Tiyamike ngati lokoyo sathyoka. Anayamba kukanda laputopu ndi chikhadabo. Kenako anati, "Ndingathe, agogo, mphamvu yake adandipatsa. Koma seva imalemba dzina la wothyola. Ajawa ndi amalume anga, ndiponso abwana anga. Mukufuna ndikadye kuti?" Gilibati mukumudziwa, mtima wake ndi wa bambo ake, akakwiya amatha chaka osalankhula. Kumbuyo kwanga mwana akuyamwa chala, kutsogolo kwanga mayi wachilendo akundimwetulira ndi mano athunthu. Ndinakumbuka munkati mbuzi ikakodwa pa chingwe sufunsa mwini chingwe, umayamba wamasula. Koma mbuzi ija sinkalemba mayina.

Ndinati, "Kodi chinthu chakochi chimangolemba mayina, sichilandira mawu?" Akuti chimalandira, pobweza pepala pali malo olembapo chifukwa chake, ndipo mawuwo amakhala pomwepo mpaka kalekale. Ndinati lemba. Analemba mzere wothyola loko, analemba wokweza inu pamwamba, ndipo kumapeto kwake anaika mawu anga mmene ndinawanenera: "Wachita izi ndine mayi ako Felesiya. Tiyamike ndamukakamiza. Ukafuna kukalipa, nambala yanga ukuidziwa." Anandisonyeza batani lalikulu lakumanja, manja ake n'kuwaika kumbuyo. Ndinadina ndi chala changa chomwechi chokumbira chinangwa, mwamphamvu, mpaka anakuwa kuti ndiswa.

Palibe chinachitika. Sikunalire kanthu, sikunawale kanthu. Kamzere kopanda mawu kanangotuluka pansi, kakuphethira. Ndinati yakananso. Iye anati ayi, ikakhala chete ndiye kuti yavomera. Onani zinthu zake! Ikakana imalongolola mizere yambirimbiri, ikavomera imangoti zii ngati mkwatibwi.

Anakuitananinso, ndipo munabwera, pang'onopang'ono, kuyambira kumutu. Duku wopendekeka. Diso lotsinzina. Mphini zonse zili m'malo mwake. Ndinakhala pansi pachulu pomwepo, chiswe chikundiluma, osachimva.

Koma amayi, kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sukukhazikika, n'chifukwa chake ndakulemberani. Ndakumbuka tsiku la ukwati lija. Mudabwereka mafuta a Edina n'kudzola m'masaya mpaka kunyezimira, ndipo mudauza wojambula kuti, "Undijambule mbali yabwino, mwana iwe." Ndakumbukanso ndili kamtsikana, akuluakulu a mpingo atanena kuti mphini ndi zachikunja, mudayenda nyengo yonse mutakokera duku m'masaya. Komanso ndinu nomwe mudandigwiritsa chala pamenepo tikupala chinangwa, n'kunena kuti adakutemani ndi mayi anu musanawoloke malire kubwera dziko lino, ndipo pa zonse za kwawo mudabwera ndi zokhazo. Tsono munkazikonda kapena munkazibisa? Mwina Gilibati, amene munkamupatsa chiwindi cha nkhuku ife tikuyang'ana, adamva china chimene ine sindidamve. Mwina mukadaona mayi wamaluwa uja mukadati, eya, koma ndiye ine ameneyo. Ndafunsa Edina, akuti iye sakulowamo, mwachizolowezi chake.

Wosindikiza adatenga kale, thailosi yasindikizidwa, sizibwereranso. Gilibati mawu anga adawawerenga, Tiyamike akuti munthu akawerenga zimaoneka. Sanaimbe. Ntchito akumutumizirabe Tiyamike, koma mouma, popanda ndi moni womwe. Ngati adzabwere pa tsiku la chiliza, sindikudziwa. Mayi wamaluwa uja sitinamufufute, ali pansi panu mu seva momwemo, muzionana.

Ine ndasankha nkhope imene ndimaidziwa, chifukwa wodzasesa pamandapo ndine, ndipo sindingagwade n'kumauza mlendo mavuto anga. Ngati ndakulakwirani, mundikhululukire. Mukafuna kudandaula, mukamulotetse Gilibati, ndiye ali ndi makiyi.

Ndimakukondani, amayi, ndi diso lanu lomwelo. Ndipo ndikulonjezani ichi: mdzukulu wanu Gilibatiyo akabwera, ndidzamulandira ndi manja awiri, ndidzamuphera nkhuku, chiwindi n'kumupatsa. Pamanda panu pakamwa panga ndidzatseka mpaka abusa anene ameni. Zapambuyo pa ameni sindikulonjeza.

Ndine mwana wanu,
Felesiya